Lachisanu ndikupita ku Chilomoni koma ndili pa on-call, thandizeni

Wachilomoni wa ku Berlin: Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalowa ndi liwiro. Lachisanu likubwerali ndikunyamuka kupita kumudzi, mchemwali wanga ali ndi chinkhoswe. Tchuthi andipatsa sabata imodzi yokha, yachiwiriyo ndigwira ntchito ndili ku Chilomoni komweko, komanso ndili pa on-call, kutanthauza kuti makina a kampani akavuta alamu imalira kwa ine. Ndigule power bank yanji yoti laputopu isazime magetsi akathima?

Mjomba wa ku Joni: Iii mphwanga, miyezi 8 yokha ku Ulaya mwayamba kale kuopa mdima? Poly yonse ija munaimaliza ndi kandulo inu.

Wamagetsi: Achimwene, musayang'ane mAh zolembedwa zikuluzikulu pabokosi, yang'anani Wh, muyeso wa mphamvu yonse yomwe batire imasunga. Masamu ake ndi mAh kuchulukitsa ndi 3.7, kugawa ndi 1000. Ya 20000mAh ndi 74Wh, ya 27000mAh ndi 99.9Wh. Mukuona chifukwa chake opanga amaimira pa 27000? Mundege amalola batire yosapitirira 100Wh popanda kupempha. Kuyambira 100 kufika 160Wh mumayamba mwapempha kampani ya ndegeyo, kuposa apo sikwera. Ndipo ikhale m'chikwama cha m'manja, osati chachikulu chopita pansi. Chachiwiri, ikhale ya USB-C PD, yotha kukweza voteji, yotulutsa 65W kapena kuposa. Zambiri zotchipa zimatulutsa 5V ndi 9V basi, pomwe laputopu imafuna 20V. Mukalumikiza nyali ikuyaka bwinobwino koma batire ikutsikabe.

Wamagetsi: Chingwe nachonso. Zingwe wamba za USB-C zimathera pa 60W. Ngati makina anu amafuna 90W kapena 100W, pezani cha 5A chokhala ndi e-marker, kachipangizo kouza chaja mphamvu yomwe chingwecho chingapirire.

Achemwali a ku Dublin: Mlongo wanga, batire tiyambe taiika pambali. Akuntchito kwanu akudziwa kuti sabata yachiwiriyo mukhala muli ku Malawi? Sindikunena team lead wanu amene anangoti palibe vuto muli pa khofi. Ndikunena a IT ndi a HR, ndipo alembe pa imelo.

Mjomba wa ku Joni: Ukwati uli kuti kodi, ku St Michael's kapena ku CI? Tiuzeni tidziwe perekaniperekani titumiza zingati.

Kamnyamata ka ku Bangwe: Biggie, zosavuta izo. Siyani kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi kakuyaka kunyumba kwanu ku Berlin, ikanipo WireGuard, pulogalamu ya VPN yodutsitsa intaneti yanu pa makina ena, mukafika ku Blantyre muzidutsira pamenepo. Kampani iziona IP, adiresi ya pa intaneti, ya ku Germany. Anthu onse amatero.

Achemwali a ku Dublin: Anthu onse ati? Iwe usaphunzitse mnzako kuchotsedwa ntchito. Laputopu ya kampani imakhala ndi pulogalamu yoilondola, imatumiza zambiri kuposa IP. Foni yomwe ili ndi authenticator, pulogalamu yopereka ma code a login, nayo imatha kuulula dziko. Ndiye taganizani rauta ya ku Berlin yazima Lachiwiri, m'nyumba mulibe woti ayatse, munthu ali pa on-call. Afotokoza chiyani? Nkhani yeniyeni ndi iyi: makampani ambiri amaika malamulo pa login, monga Conditional Access ya Microsoft, oti mayiko ena asalowe kapena afunsidwe zina. Login yochokera ku Malawi yosayembekezeka imatha kutseka akaunti nthawi yomweyo, ndipo wotsegula ndi helpdesk yomwe mufunika akaunti yomweyo kuti muilembere. Kuwonjezera apo pali GDPR, lamulo la EU loteteza data ya anthu. Ngati ntchito yanu imakhudza data ya makasitomala a ku EU, ma contract ena amaletseratu kuitsegula muli kunja kwa EU. Funsani lero, si Lachinayi usiku.

Mkulu wa Gulu: Atsopano nonse, uthenga womatidwa pamwamba uja uli ndi ntchito. Nkhani ya batire tinaikambirana kale kawiri. Safunsa anadya phula, inde, komanso wosawerenga amatopetsa anzake.

Wachilomoni wa ku Berlin: Pepani akulu. Ndiye 27000 ija ingandisunge maola angati?

Wamagetsi: Chotsanipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 lomwe limatayika posintha voteji, mutsala ndi 80Wh. Kulemba code ndi browser, sikirini yosawalitsa kwambiri, laputopu imadya 15 mpaka 25W. Ndiye maola 3 mpaka 5, osawerengera batire ya m'kati mwa laputopu. Koma mukayamba ntchito zolemera monga docker build kapena kuyendetsa ma test onse, imakwera mpaka 50W, ola limodzi ndi theka yatha. Zolemera musachitire pa laputopu.

Mphunzitsi wa Linux: Apo ndiye mwakhudza mtima wa nkhani. Ntchito yolemera ikhale pa seva ya kampani ku Frankfurt, inu muzingoilamula muli kutali kudzera pa SSH. Tsegulani pulogalamu ya tmux kumeneko kuti netiweki ikaduka ntchito izipitirira, mukabwerera tmux attach mwapeza zonse zili m'malo. Ngati akulolani ikani mosh, pulogalamu yonga SSH, imayenda pa UDP ndipo sifa IP ikasintha, monga mukachoka pa TNM kupita pa Airtel. Musananyamuke chitani git fetch pa ma repo onse osungira code, kokani ma image a Docker omwe mufuna, dzazani cache ya npm kapena Maven muli pa intaneti ya ku Berlin. Git imagwira popanda netiweki: commit, branch, rebase, zonse. Push yokha ndi yomwe imadikira. VPN ya kampani ikalumikiza koma masamba ena akungozungulira osatseguka, kawirikawiri ndi MTU, malire a kukula kwa mapaketi a data. WireGuard imayambira pa 1420, pa netiweki ya foni itsitseni ifike 1280.

Kamnyamata ka ku Bangwe: Zonsezo za makedzana. Starlink inafika ku Malawi mu 2023, gulani mbale basi.

Wamagetsi: Mbale yaikuluyo imadya 75 mpaka 100W payokha, aise. Magetsi akathima uiyatsa ndi chiyani, power bank yomwe ija? Mini ndiye imadya pang'ono, cha m'ma 25 mpaka 40W. Koma kugula mbale chifukwa cha masiku 5 a ntchito?

Kamnyamata ka ku Bangwe: Akaisiyira madala.

Mjomba wa ku Joni: Ndiye mwezi uliwonse uthenga: mwanawe, chimbale chija chasiya kugwira. Walira mvula walira matope.

Anaphiri a ku Leeds: Koma abale mwanditchulira Chilomoni. Okutobala uno dzuwa likuswa mtengo, ma jacaranda atayira maluwa mumsewu, mango ayamba kuoneka pa Ginnery Corner. Kuno dzuwa layamba kulowa msanga. Mtima wanga uli pa chiwaya cha ku Ndirande, chipisi cha kabichi ndi tsabola wambiri.

Mjomba wa ku Joni: Achemwali musatiliritse, tili pa ntchito.

Mphunzitsi wa Linux: Za intaneti tinene zoona zake: SIM ziwiri, TNM ndi Airtel, imodzi mu MiFi, karauta ka m'thumba, ina mufoni. Tengani chitupa cha unzika, popanda kulembetsa SIM sigwira, ndipo nambala yakale yomwe yakhala miyezi yambiri osagwiritsa ntchito musaidalire. Chilomoni ili m'munsi mwa Michiru, netiweki imasiyana nyumba ndi nyumba, ngakhale chipinda ndi chipinda. Tsiku loyamba yendani ndi foni m'nyumba monse, muone pomwe 4G ikukhazikika, MiFi muiike pawindo pamenepo. Pa Windows ikani kuti metered connection, apo ayi update imodzi idya bandulo yonse muli mtulo. Imitsaninso OneDrive, iCloud ndi Google Photos, makamaka pambuyo pa chinkhoswe foni itadzaza mavidiyo. Msonkhano wa vidiyo pa 1.5Mbps ndi pafupifupi 675MB pa ola. Zimitsani kamera, mawu okha sadya zambiri.

Wapatauni: Man samalani, ndamva kuti ukatuluka mu Germany masiku oposa 90 Blue Card, chilolezo chokhalira ndi kugwira ntchito, imafa yokha. Komanso ukagwira ntchito uli ku Malawi ngakhale tsiku limodzi a MRA akudikira pa Chileka.

Achemwali a ku Dublin: Mwasakaniza zinthu. Masiku 90 aja ndi a alendo a Schengen. Ku Germany chilolezo wamba chokhalira chimatha ukakhala kunja miyezi yoposa 6, cha Blue Card ndi miyezi 12. Masabata awiri palibe nkhani. Chofunika n'kuyang'ana tsiku lothera pa khadi ndi pa pasipoti, ndipo khadilo mulinyamule, adzalifuna pokwera ndege pobwerera. Za msonkho ndi za inshuwalansi ndi zomwe HR ayankhe, ndi chifukwa china chowalembera.

Wapatauni: Ine ndangonena zomwe ndamva.

Mkulu wa Gulu: Zomva zomva muzikasiya ku Wenela.

Achemwali a ku Dublin: Chinanso chomwe chimagwetsa anthu ambiri ndi ma code a login. Ngati amabwera pa SMS ku nambala ya ku Germany, onetsetsani kuti roaming ndi yotsegula ndipo SIM imeneyo ikhale mufoni. Ma SMS a mtundu umenewu amatha kuchedwa kapena osafika muli kunja. Samutsirani zonse ku authenticator app musananyamuke. Ma recovery code a GitHub, alipo 16, asindikizeni papepala muike mu pasipoti. Ngati muli ndi YubiKey, kiyi ya USB yolowera mu akaunti, isakhale m'chikwama chimodzi ndi laputopu.

Kamnyamata ka ku Bangwe: Koma authenticator imasokonekera ukasintha dziko, uyenera kusiya foni pa nthawi ya ku Germany.

Mphunzitsi wa Linux: Bodza limenelo. TOTP, njira yomwe authenticator imapangira ma code, imawerengera pa nthawi ya Unix, yomwe ndi imodzi dziko lonse, ndipo code imasintha masekondi 30 aliwonse. Sifuna ngakhale intaneti. Chomwe chimaiwononga ndi wotchi ya foni ikatsala kapena kutsogola, monga munthu akaisintha pamanja. Siyani pa automatic basi. Koma poti mwatchula nthawi: Lamulungu lomaliza la Okutobala ku Ulaya amabweza wotchi ola limodzi. Panopa Berlin ndi Blantyre zili pamodzi pa UTC+2. Kuyambira Lamulungu limenelo Berlin ibwerera pa UTC+1, ife kwathu sitisuntha. Msonkhano wa tsiku ndi tsiku, standup ya 9:30 ku Berlin ikhala 10:30 ku Chilomoni, ndipo on-call yothera 18:00 ithera 19:00. Kalendala imasintha yokha, mutu wa munthu ndi umene susintha.

Mphunzitsi wa Linux: Pa laputopu musankhe Africa/Blantyre, ilipo mu tz database, mndandanda wa nthawi za mayiko. Ngakhale m'kati mwake yangolozera ku Africa/Maputo.

Mjomba wa ku Joni: Ngakhale nthawi yathu timabwereka kwa aneba? Abale inu.

Wamagetsi: Ndinaiwala pulagi. Ya ku Germany ndi ya mano awiri obulungira, kwathu ndi ya mano atatu ngati ya ku UK. Voteji ndi yomweyo, 230V pa 50Hz, ndiye transformer simufuna, adaputa yokha. Zija zotsegula soketi ndi chivindikiro cha cholembera n'kukankhiramo pulagi mokakamiza musachite. Mano a Schuko, pulagi ya ku Germany ija, ndi onenepa, amatanula zitsulo za m'kati, kenako soketi imayamba kutentha, komanso earth palibe. Bwino kugula chingwe cha pulagi ya kwathu ku Limbe, chili ndi fiyuzi yake. Magetsi akathima zulani chaja kukhoma, akabwera dikirani mphindi zingapo. Nyengo ino ndi ya chizimalupsa, ziphaliwali sizichenjeza. Ndondomeko ya kuzima kwa magetsi ESCOM imaika pa Facebook, funsani akunyumba kuti dera lanu lili gulu liti. Ndipo gulani mayunitsi okwanira, nyumba ya chinkhoswe ma hotplate amayaka tsiku lonse.

Wapatauni: Bwanji osangogula inveta?

Wamagetsi: Ngati ilipo kale kunyumba, bho. Batire ya 12V 100Ah ndi 1200Wh papepala, koma ya lead-acid musatsitse kupyola theka, ndiye 600Wh. Laputopu, MiFi ndi nyali tsiku lonse la ntchito zikwana. Wina akalumikizapo ketulo kapena ayironi, zatha pomwepo. Inveta ikhale pure sine wave, zotchipa zija zimalizitsa ndi kutenthetsa ma chaja ena.

Mkulu wa Gulu: Ine ndinene za ukulu. On-call sabata ya chinkhoswe? Alamu ikalira 2 koloko usiku, nyumba yadzaza azakhali agona pamphasa mpaka pakhonde, mukayatsira kuti laputopu? Sinthanani ndi mnzanu, mudzamubwezera pa Khirisimasi pomwe aliyense kumeneko amafuna kupuma. Zikakanika, alamu isadalire data yokha: ikaninso kuimba ndi SMS pa nambala ya ku Malawi, iloledwe kuboola Do Not Disturb, ndipo wachiwiri wanu adziwe kuti mwina muchedwa kuyankha.

Nesi wa ku Cork: Palibe watchula malungo. Chitetezo cha thupi chimatsika munthu akakhala kunja. Onanani ndi dokotala za mankhwala oteteza musananyamuke, gonani m'neti. Mukabwerera thupi likatentha, ngakhale patapita masabata, uzani dokotala msanga kuti munali ku Malawi. Kumeneko amayamba aganiza za chimfine.

Anaphiri a ku Leeds: Mlongo, pobwera muli ndi malo a makilo angati? Nali wa kambuzi awiri, tiyi wa Chombe ndi kaufa koyera. Mpunga wa Kilombero ngati mungathe.

Mjomba wa ku Joni: Munthu ali ku Berlin, inu ku Leeds, katunduyo awoloka bwanji nyanja?

Anaphiri a ku Leeds: Zimenezo tidzaona, abwere kaye.

Achemwali a ku Dublin: Nyama ndi za mkaka zochokera kunja kwa EU siziloledwa, ngakhale yowamba. Nsomba youma monga usipa imaloledwa mpaka makilo 20. Mango amafuna satifiketi ya zomera, ndiye adyereni konko.

Wachilomoni wa ku Berlin: Zikomo nonse. Achemwali a ku Dublin, ndalemba imelo ija. A IT ayankha kuti Malawi inali yotsekedwa pa login, anditsegulira masiku 14 okha, koma database ya production sindiloledwa kuikhudza ndili kumeneko. Ndiye on-call yagwa yokha, mnzanga watenga.

Kamnyamata ka ku Bangwe: Ndi Raspberry Pi ija sakanadziwa n'komwe.

Mkulu wa Gulu: Iwe, kamodzinso ndikutulutsa.

Wachilomoni wa ku Berlin: Ndiye power bank ija ndigule ya 20000 kapena 27000?

Wamagetsi: 27000, PD 65W, m'chikwama cha m'manja. Ndanena kale mmwambamu.

Anaphiri a ku Leeds: Nali uja akhale atatu.