Tsitsi lija layamba kumeranso

Mwezi wa Marichi ndinafunsa pa gulu lino za tsitsi langa lomwe linkathothoka patangotha milungu 3 chichokereni ku Istanbul, m'dziko la Turkey, komwe anandiwokera tsitsi pa dazi. Ndinkadzuka m'mawa n'kupeza tsitsi pa pilo, mtima uli phaphapha. Ambiri munandiuza kuti ndidikire. Lero papita miyezi 5, ndipo ndabwera kudzakuuzani kuti munanena zoona.

Chimene chinkagwa ndi tsitsi lapamwamba chabe. Mizu yake inatsala m'khungu, inangogona kaye monga imachitira mbande ikangowokeredwa. Chinandiopsa kwambiri n'chakuti ngakhale tsitsi langa lakale, la pafupi ndi pomwe anawokera, linayambanso kugwa. Dokotala anati zimenezi zimachitika khungu likasokonezedwa ndi opaleshoni, ndipo nthawi zambiri limabwerera. Langa linayamba kutuluka mwezi wachinayi, lopyapyala ngati la khanda, koma tsopano likukhwima.

Za mankhwala: dokotala atandilola kuyamba kupaka minoxidil wa 5%, mankhwala othandiza tsitsi kumera, kuthothoka kunawonjezeka kwa milungu ingapo. Ndinatsala pang'ono kusiya. Mankhwalawa amatero poyamba, amagwetsa tsitsi lakale kuti latsopano limere. Ndikumwanso finasteride wa 1 mg tsiku lililonse. Iyeyu amachepetsa DHT, homoni yomwe imafooketsa mizu ya tsitsi, ndipo ukasiya dazi limapitiriza pa tsitsi lomwe silinawokeredwe. Amuna ena amawachepetsera chilakolako cha m'nyumba, choncho kambiranani kaye ndi dokotala. Mkazi wanga ndi woyembekezera, choncho iye sagwira n'komwe mapiritsiwo, poti akhoza kuvulaza mwana ali m'mimba.

Ndidzabweranso chikakwana chaka, poti zotsatira zenizeni zimaoneka pamenepo.