Makala ochokera ku mabotolo a PET sakumwa ayodini mokwanira

Wofunsa, wa ku Msasa:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mu labu yathu kuno ku Harare tikuyesa kupanga makala a timabowo, aja a activated carbon, kuchokera ku mabotolo a pulasitiki ya PET popanda zosungunulira. Timagaya zidutswa za mabotolo pamodzi ndi KOH (potassium hydroxide, mankhwala a potaziyamu) youma mu chigayo cha ball mill, kenaka timaotcha pa madigiri 800 Celsius mu mpweya wa nayitrojeni. Ufa ukumata m'chigayomo ngati nsima yogona, kukamwa kwa chubu cha ng'anjo kukutsekeka ndi zinthu zoyera, ndipo makala otulukawo sakumwa ayodini (muyeso wa kuchuluka kwa timabowo tawo) monga tinkayembekezera.

Mayi wa labu ya madzi:
Achimwene, kumatako ndi khalidwe la KOH, chifukwa imakoka chinyezi cha mumpweya msangamsanga, makamaka dzinja lino. Yesani K2CO3 (potassium carbonate) yoyamba mwaiumitsa mu uvuni. Nayonso imakoka chinyezi, koma si yaukali ngati inzakeyo, yomwe imadyanso chubu cha quartz ikasungunuka.

Wa ng'anjo, ku Graniteside:
Zoyerazo ndi asidi a terephthalic ndi benzoic, omwe amatuluka PET ikamaphwanyika ndi moto n'kukaumanso pomwe chubu chazizira. Ine ndimaotcha kawiri. Poyamba ndimaotcha PET yokha pa madigiri 500 mpaka 600, nditakulitsa potulukira utsi, ndipo makala otsalawo, omwe nthawi zambiri safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa mabotolo, ndi amene ndimagaya ndi mankhwala, popeza amaphwanyika bwino kusiyana ndi pulasitiki yomwe imangophwatalala. Zivindikiro muzichotse, chifukwa mapulasitiki ake, PE ndi PP, sasiya makala, ndipo pulasitiki ya PVC isalowemo n'komwe poti imatulutsa mpweya wa HCl.

Mkulu wopuma ntchito:
Mwana wanga, simunatiuze za katsukidwe. Mukutsuka motani mukaphula?

Wofunsa:
Timangotsukuluza kawiri ndi madzi ozizira, bambo, popeza cholinga chathu ndi kupewa zamadzimadzi.

Mkulu wopuma ntchito:
Vuto lagona pamenepo. Njira yopanda zosungunulira imanena za kusakaniza, osati za kutsuka. Timabowo tambiri timene potaziyamu amaboola ndi tochepera mananomita 2, ndipo mukaphula timakhala todzaza ndi mchere wa potaziyamu yemweyo, kotero kuti ayodini amasowa polowera ngakhale makalawo ali abwino. Viikani mu asidi wa HCl wosukuluka, tsukani ndi madzi otentha mpaka pH (muyeso wa ukali wa asidi) ifike pafupi ndi 7, ndipo muumitse pa madigiri 110 musanayeze. Chinanso, ndipo ichi ndikunena monga kholo: potaziyamu wotuluka mu KOH amawira pa madigiri pafupifupi 760, choncho pa 800 wanuyo wina amakaundana kozizira kwa chubu, ndipo amayaka akakumana ndi madzi. Magetsi akazima pakati pa ntchito, musatseke nayitrojeni mpaka ng'anjo itazizira.

Wofunsa, patapita masiku atatu:
Zikomo kwambiri nonse. Ndatsukanso makala akale aja monga mwa malangizo a bambo, ndipo akumwa ayodini wochuluka kuposa poyamba, ngakhale sindinasinthe china chilichonse. Sabata yamawa ndiyesa kuotcha kawiri ndi K2CO3, koma achimwene a ku Graniteside, mumagaya kwa nthawi yaitali bwanji?

Wa ng'anjo:
Yambani ndi mphindi 30, mukupumitsa chigayo kuti chisatenthe, kenaka muyeze ayodini musanaonjezere nthawi.