Mfuti pa nyanja za Army Corps: ofesi ya phungu ikuti nkhaniyi inatha kale mu 2010

Wa ku Denison

Akuluakulu ndithandizeni, mutu wandiwira. Ndangotsika kumene pa foni ndi staffer (wogwira ntchito mu ofesi) wa phungu wina wa kuno ku Texas, ku America, dzina ndisatchule. Mphindi 15 zimenezi ndakhala ndikuzipempha kuyambira mwezi watha. Ndisanafike n'komwe pakati wandidula pakamwa, akuti za mfuti pa malo a boma lalikulu zinatha kale mu 2010, tikufunanso chiyani. Ndamuuza kuti zimenezo ndi za National Park Service (yoyang'anira mapaki a boma lalikulu) ndi ma refuge (malo otetezera nyama zakutchire), ife tikulira ndi 36 CFR 327.13, lamulo loletsa mfuti pa malo a Army Corps (nthambi ya asilikali yoyang'anira madamu ndi nyanja zake), iye amvekere nditumizireni pa email. Basi foni thi.

Kwa amene simukudziwa, ndimagwira ntchito ku kabungwe ka anthu otengera alendo kukawedza pa nyanja ya Texoma, m'malire a Texas ndi Oklahoma. Anthu anga amafika pa ramp (potsitsira mabwato m'madzi) 4 koloko m'bandakucha, ali okhaokha, mdima bii, ena ndalama za makasitomala zili m'thumba. Ambiri ali ndi License to Carry (laisensi yonyamula mfuti), ndipo Texas sifunanso ndi laisensi yomwe kuyambira 2021, Oklahoma kuyambira 2019. Koma akangoponda malo a Corps, mfuti yokhala ndi zipolopolo ndi mlandu, pokhapokha ukusaka kapena uli ndi kalata ya District Commander (mkulu wa Corps wa chigawo). Faindi imatha kufika $5,000, kapena miyezi 6 m'ndende.

Lachinayi la sabata yamawa ndapatsidwa mpata ku ofesi yawo ya kuno kumudzi. Ndikapemphe bilu yoima payokha yololeza mfuti pa malo a Corps, kapena alowetse mu WRDA (bilu yaikulu ya ntchito za madzi za Corps)? Nanga one-pager (tsamba limodzi lofotokoza pempho) ndiilembe bwanji kuti asandiuzenso za 2010?

Mayi wa ku Silver Spring

Achimwene, musamukwiyire mwanayo. Ma staffer ambiri ndi ana a zaka 24, patebulo pali nkhani za alimi, za asilikali opuma, za misewu. Zimene wanenazo theka ndi zoona, ndiye yambirani pomwepo. Mzere woyamba pa tsamba lanu ukhale wovomereza: inde, kuyambira 22 February 2010 m'mapaki ndi m'ma refuge mumatsatidwa lamulo la state pa za mfuti. Wachiwiri: nyanja za Corps anaziiwala. Kenako mapu. Inu muli ndi mwayi woti nyanja yanu imadzifotokozera yokha, chifukwa Hagerman refuge ili pa Texoma pomwepo, Tishomingo ili kutsidya la Oklahoma. Munthu mmodzi, madzi amodzi, apa ali bwinobwino, akasuntha pang'ono wapalamula. Jambulani zimenezo ndi mitundu iwiri. Manambala a dziko lonse, maekala pafupifupi 12 miliyoni, nyanja ndi mitsinje yoposa 400 m'ma state 43, muwaike pansi penipeni. Phungu amawerenga za dera lake.

Za bilu yoima payokha, inayesedwa kambirimbiri. Recreational Lands Self-Defense Act, Bob Gibbs wa ku Ohio ankaibweretsa ku House, Mike Crapo ku Senate, Congress ikatha bilu imafa, n'kuyambanso. Gibbs anachoka mu January 2023. Ndipo kumbukirani mmene ya mapaki inadutsira: Tom Coburn anaimata ngati chigamba pa bilu ya ma credit card mu 2009, Obama n'kusaina chifukwa bilu yaikuluyo ankaifuna. Payokha sikanayenda.

Mkulu wa ku Boise

Mukutaya nthawi ndi mafuta a galimoto. Nkhani iyi ndi ya kukhoti. Kuno ku Idaho woweruza B. Lynn Winmill anagamula kale mu 2014, mlandu wa Morris, kuti lamuloli likuphwanya Second Amendment, ufulu wokhala ndi mfuti wa m'malamulo aakulu a dziko. Palibe phungu amene anatithandiza. Pezani guide mmodzi wopanda banga, alembere District Commander wa ku Tulsa kupempha chilolezo, akamukana muli ndi mlandu wanu.

Wa ku Denison

Bambo, chigamulo chimenecho chinathera m'malire a Idaho, ife sichitifika. Ndipo ndalama za maloya tizitenga kuti? Bungwe lathu limayendera zopereka za mamembala.

Mayi, ndiye mukuti WRDA?

Mayi wa ku Silver Spring

Sindinanene choncho, ndipo apa chenjerani. WRDA imatuluka zaka ziwiri zilizonse, 2016, 2018, 2020, 2022, 2024, ndipo imadutsa chifukwa zipani zonse ziwiri zimagwirizana kusaikamo zoyambanitsa. Muli madoko, madamu, zotchinga madzi osefukira, aliyense ali ndi kake m'menemo. Mukabwera ndi mfuti, a komiti ya Transportation and Infrastructure ku House ndi Environment and Public Works ku Senate amaona ngati mwabweretsa moto m'nkhokwe. Choyamba fufuzani ngati phungu wanuyo ali mu komiti ya Transportation and Infrastructure imeneyo. Ngati salimo, zomwe angachite n'zochepa, monga kusaina kalata.

Ine ndinapsa nazo pa nkhani ina, si ya mfuti ayi. Tinathamanga miyezi 8, mawu athu analowa mu draft, tinawaona ndi maso. Usiku woti mawa markup (tsiku loti komiti ikonze ndi kuvotera biluyo), wina wa komiti anandiimbira kuti achotsa kuti bilu isatsamwe. Ndinali pa Metro, ndinatsika siteshoni yolakwika. Kuyambira pamenepo sindiuza mamembala kuti zatheka mpaka pulezidenti atasaina.

Mlongo wa ku South Bend

Pepani ndilowerere, ine ndi wa mabuku a ndalama. Achimwene a ku Denison, bungwe lanu linalembetsedwa m'gulu liti pa za msonkho, c3, c4 kapena c6? Ngati ndi 501(c)(3), kupempha phungu kuti athandize bilu ndi lobbying, ndipo ili ndi malire. Ngati simunalembe fomu 5768 ya 501(h), yomwe imakupatsani malire owerengeka, mukuyenda pa muyeso wa "insubstantial" womwe palibe angakuuzeni kuti umathera pati. Lembani maola anu onse, a pa foni, olemba one-pager, a pa msewu. Mukatumiza uthenga kwa anthu wamba kuti aimbire phungu, imeneyo ndi grassroots, malire ake ndi ochepa kwambiri. Ndinaonapo kabungwe kena kakusowa tulo nthawi ya 990 (fomu ya msonkho ya chaka ndi chaka ya mabungwe) chifukwa mkulu wawo ankangoti tinkangocheza ndi aphungu.

Komanso musanyamule mphatso. Ngakhale nsomba yowamba.

Mkulu wa ku Boise

Mwaona? Mafomu, maola, malire. Kukhoti kulibe zonsezo. Ndipo pano kuli Bruen, chigamulo cha Supreme Court cha June 2022 pa za mfuti. Boma likuyenera kusonyeza kuti lamulo lotere linaliko m'mbiri ya dziko lino. Adzalipeza kuti lamulo loletsa mfuti pa gombe la nyanja?

Wa ku North Georgia

Bambo a ku Boise, mukunena za Idaho koma simukutchula za kuno. Mlandu wa GeorgiaCarry pa nyanja ya Allatoona, woweruza Harold Murphy anakomera Corps mu 2014, ndipo khoti la apilo la 11th Circuit mu 2015 inakana kuimitsa lamulolo. Chaka chomwecho cha 2014 makhoti awiri anayankha mosiyana pa funso limodzi.

Koma ine ndabwera ndi zina. Ndinagwirapo ntchito ya ranger wa nyengo yotentha pa nyanja ina ya Corps, zaka zitatu. Achimwene a ku Denison, mukalowa mu ofesimo adzakufunsani za ife, ndipo muyenera kukhala ndi yankho. Ranger wa Corps sanyamula mfuti ndipo samanga munthu. Ali ndi wailesi ndi buku la matikiti. Wa ku National Park wa law enforcement ali ndi mfuti m'chiuno, ndiye kufananiza ziwirizi n'kosavuta pa pepala pokha.

Usiku wina wa pa 4 July, cha m'ma 11, ndinapita pa tenti ina kukawauza kuti atsitse nyimbo. Amuna asanu, mabotolo mbwee pa tebulo, nyale imodzi yolendewera pa mtengo. Mmodzi anaimirira n'kuika dzanja kumbuyo pansi pa malaya, akundiyang'ana osaphethira. Sindikudziwa mpaka lero ngati kunali kanthu. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka pa galimoto, sheriff anafika patatha mphindi 40. Ndikamva nkhani imeneyi ndimakumbukira dzanja lija.

Wa ku Denison

Achimwene ndakumvani, ndipo sindikupeputsa. Koma mphindi 40 zomwezo ndi zimene anthu anga akunena. Amene munakumana nayeyo lamulo silinamuletse. Likuletsa guide wanga amene anapereka zala, anachita kalasi, ndipo amasiya mfuti kunyumba chifukwa akuopa tikiti.

Wa ku North Georgia

Ndikudziwa, ndipo mfundo imeneyo si yabodza. Ine ndikungoti musakalowe ngati ma ranger kulibe. Lembanimo poyera kuti simukupempha za m'nyumba za boma, lamulo la 18 USC 930 loletsa mfuti m'nyumbazo likhale momwe lilili, visitor center, ofesi, powerhouse ya pa damu. Mawu oti damu akangotchulidwa, aliyense amaganiza za chitetezo cha Denison Dam, ndiye atsekereni khomo limenelo iwo asanalitsegule. Ndipo nenaponi kanthu za mowa. Mukapanda kutero ena adzakunenerani.

Mayi wa ku Silver Spring

Zimenezo n'zoona. Chinanso chomwe tonse tachilumpha: mu April 2020 Corps yokha inatulutsa proposed rule (lamulo longolingalira, lisanayambe kugwira ntchito) yoti 327.13 izitsatira malamulo a state. Anthu anapereka ndemanga, koma sinamalizidwe. Ndiye pali pempho laling'ono lomwe phungu aliyense angakwanitse ngakhale sali mu komiti: kalata yopita kwa Assistant Secretary of the Army for Civil Works (mkulu woyang'anira ntchito zimenezi za Corps) yofunsa kuti rule ija ili pati. Staffer amakonda pempho loti akhoza kulimaliza sabata yomweyo. Koma dziwani kuti chomwe boma lina lalemba ngati rule, boma lotsatira likhoza kuchifufuta.

Mkulu wa ku Boise

Ndi zomwe ndikunenazo. Rule imafufutika, bilu imafa, chigamulo chimakhala. 2020 mpaka lero mukudikirabe kalata. Pezani munthu mmodzi akanidwe chilolezo.

Achemwali a ku Dallas

Bambo, "pezani munthu mmodzi" ameneyo asakhale mwana wa kwathu chonde. Ine ndimagwira mu ofesi ya maloya a za immigration, ndipo gulu lino ambiri si nzika za America. Amene ali pa visa ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la boma lalikulu silimulola kukhala ndi mfuti, kupatula njira zochepa monga laisensi yosakira. Wa green card amaloledwa, koma akapezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti akhoza kuthamangitsidwa m'dziko muno. Tikiti imene mzungu wa ku Sherman angalipire n'kuiwala, kwa ife imakatulukira pa fomu ya citizenship. Wina asawerenge zokambirana zino n'kuganiza kuti poti Texas yalola ndiye pa ramp palinso bwino.

Ndiponso za ndalama za kampeni: wopanda green card asaperekeko ngakhale dola imodzi kwa phungu ameneyo. Kulankhula naye mukhoza, kupereka ayi.

Wa ku Denison

Zikomo achemwali, ine ndinalumbira kale kukhala nzika mu 2017, ndipo ma guide athu pafupifupi onse ndi obadwira konkuno. Mlongo wa ku South Bend, ndife c6, ndiye ndikuganiza kuti tili bwino?

Mlongo wa ku South Bend

c6 ilibe malire ngati a c3, koma gawo la zopereka za mamembala lomwe lapita ku lobbying sangalichotsere pa msonkho, ndipo muyenera kuwadziwitsa kapena bungwe lilipire proxy tax. Funsani amene amakulemberani 990 Lachinayi lisanafike. Ndipo ngati muyamba kupita ku Washington pafupipafupi, werengani za 20 peresenti ya nthawi yanu mu Lobbying Disclosure Act, lamulo lonena za amene ayenera kulembetsa ngati wochita lobbying.

Mayi wa ku Silver Spring

Mutenge guide mmodzi kapena awiri ovota m'dera lomwelo, alankhule okha. Koma muwakonzekeretse. Ine wina anandiyambira nkhani ya chisankho cha pulezidenti mkati mwa msonkhano, staffer anatseka kope.

Mkulu wa ku Boise

Mukabwerako Lachinayi mudzatiuze zomwe akupatsani. Ine ndidakali pa mawu anga, Tulsa District, kalata, khoti.

Wa ku North Georgia

Achimwene a ku Denison, funso lina losakhudza izi. Ma guide anuwo amagwiritsa laisensi ya Lake Texoma ija yowedzera mbali zonse ziwiri, kapena mlendo amagula ya Texas ndi ya Oklahoma padera? Alamu anga akufuna kubwera ndi ana kudzawedza striper mwezi wa October.