Pulaneti yotchedwa Madalitso: anaiona ndani?

Bambo a Mada, Kapata

Abale anga, dzulo mwana wandigonjetsa m'nyumba mwanga momwe. Mwana wanga wachisamba, Madalitso, wabwera kuchokera kusukulu akuyenda monyang'wa, ati, "Adadi, kumwamba kuli pulaneti ya dzina langa, ndipo anaitcha dzinalo ndi anthu a kuno ku Zambia." Malaiti anali atapita, tonse tili panja, ndiye ndinati ndilozere. Ati siioneka, ngakhale nyenyezi yake simungaione ndi maso. Nanga chithunzi? Ati chithunzi palibe.

Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga. Munthu akabwera ndi njinga yoti ndimugulitsire, ndimafuna lisiti kapena mboni, apo ayi abwerere nayo. Tsono izi zoti chinthu chilipo, dzina achipatsa, koma palibe anachionapo, zikundivuta. Amatsimikiza bwanji? Kapena mwanayu amupusitsa pa Facebook?

Aphunzitsi a Sayansi, Katete

Bambo a Mada, mwana sananame, mupepeseni ndithu. Mu 2019 bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union linapatsa mayiko mwayi woti lililonse litche dzina nyenyezi imodzi ndi pulaneti yake. Ya Zambia inali HD 85390, m'gulu la nyenyezi la Vela. Nyenyeziyo inatchedwa Natasha, mawu othokoza aja a anzathu a kumpoto, ndipo pulaneti yake inatchedwa Madalitso. Kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka zoposa 100 kuti kutipeze.

Ndipo n'zoona, palibe anaijambula. Pulaneti siwala yokha, ndipo ili pafupi ndi nyenyezi yothobwa m'maso. Ochepa chabe ndi amene anajambulidwa, monga a nyenyezi ya HR 8799 mu 2008, chifukwa ndi aakulu ndiponso ali patali ndi nyenyezi yawo. Ena onsewa amagwidwa ndi mapazi awo, ngati mmene mumadziwira m'mawa kuti nguluwe inalowa m'munda.

Madalitso anagwidwa motere. Mukagwira mwana manja n'kumamuzungulitsa, inunso simuima chilili, mumapendekera uku ndi uku chifukwa akukukokani. Nyenyezi nayo imatero. Pulaneti ikamazungulira, nyenyezi imasendera kwa ife pang'ono, kenako n'kubwerera. Tsono mukaima m'mbali mwa msewu wa Great East basi ikubwera ikuliza hutala, mawu ake amamveka okwera, ikangodutsa amatsika. Kuwala kumachitanso chimodzimodzi: nyenyezi ikamabwera kumapendekera ku mtundu wobiriwira ngati thambo, ikamachoka kumafiirira. Ku La Silla m'dziko la Chile kuli chipangizo chotchedwa HARPS chimene chimagawa kuwala ngati utawaleza n'kuyeza kusuntha kumeneku. Chinapeza kuti Natasha amasendera ndi kubwerera pa liwiro la mamita pafupifupi 4 pa sekondi. Limenelo ndi liwiro la njinga zanu zomwezo zikamatsika kupita ku Kapata. Ulendo umodzi wopita ndi kubwerera umatenga zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndipo chimenecho ndicho chaka cha Madalitso.

Mwa njira yomweyi, mu 1995 Michel Mayor ndi Didier Queloz anapeza pulaneti yoyamba yozungulira nyenyezi yofanana ndi dzuwa lathu, pulaneti yaikulu yotchedwa 51 Pegasi b. Anthu ambiri anakayika poyamba, chifukwa chimphona chotere kuzungulira nyenyezi yake m'masiku 4 okha zinali zosamveka. Akatswiri ena ku America analoza telesikopu yawo pa nyenyezi yomweyo n'kupeza zofanana. Mboni yachiwiri ija mukuifunayi ndi imeneyo. Mayor ndi Queloz analandira mphoto ya Nobel mu 2019, chaka chomwe ife tinkasankha dzina.

Gogo wa ku Chadiza

Aphunzitsi, mwalongosola bwino, koma ine ndili kumbali ya bambo wa njingayu. Kadamsana wa pa 21 June 2001 anandipeza ku Lusaka. Anatiuza tsiku ndi ola, ndipo masanasana kunadadi, nkhuku n'kukalowa m'khola. Apo ndinavula chipewa. Koma izi za kugwedezeka kwa nyenyezi, bwanji ngati chikugwedezeka ndi chipangizo chawocho? Sikelo ya ogula fodya nayonso imalemba manambala.

Tisa, wophunzira ku UNZA

Agogo, funso lanulo ndi limene limawasowetsa tulo akatswiriwo, ndipo nthawi zina mumapezeka kuti olondola ndinu.

Usiku muyang'ane kummwera, pali nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda ndi zina ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiri pa ziwirizo ndi Alpha Centauri. Mu 2012 kunalengezedwa kuti kumeneko kwapezeka pulaneti yolemera ngati dziko lathu, ndipo anaipeza ndi HARPS yomweyo. Nyuzipepala zinalemba, anthu anaomba m'manja. Mu 2015 akatswiri ena ku Oxford anawerengeranso manambala aja n'kuonetsa kuti chizindikirocho chinabadwa chifukwa cha masiku amene ankayezera ndi mipata imene ankadumpha. Pulanetiyo inafufutidwa. Ina ndi Fomalhaut b, imene inali ndi chithunzi chenicheni cha telesikopu ya Hubble mu 2008. Patapita zaka kadontho kaja kanayamba kufufuma n'kumazimiririka, ndipo mu 2020 ananena kuti ndi mtambo wa fumbi. Ndiye Bambo a Mada, nacho chithunzi chimene mumafunacho chimatha kunama.

Kadamsana mwatchulayu ndiye njira ina, imene yagwira mapulaneti ochuluka kuposa njira zonse. Pulaneti ikadutsa pakati pa ife ndi nyenyezi yake, kuwala kumachepa pang'ono. Yaikulu ngati Jupiter imachotsa gawo limodzi pa magawo 100. Yaing'ono ngati dziko lathu sichotsa ngakhale gawo limodzi pa 10,000. Yerekezani munthu ali ndi tochi pamwamba pa phiri la Kanjala, inu muli m'tauni ya Chipata, ndiye muzindikire kuti ngumbi yadutsa patsogolo pa tochiyo. Telesikopu ya Kepler, imene inapita m'mlengalenga mu 2009, inayang'anitsitsa nyenyezi pafupifupi 150,000 kudikira kuphethira kotereku. Mafuta ataithera mu 2018, ntchito inatsalira ina yotchedwa TESS.

Kuphethira kamodzi sawerengera. Amafuna kubwereze katatu kapena kuposa, pa mpata wofanana, kuwala kukuchepa mofanana. Zikatero amangoilemba m'kaundula wa zoganiziridwa, ngati woimbidwa mlandu amene bwalo silinagamule. Onamizira ndi ambiri. Pali nyenyezi ziwiri zozungulirana, ina n'kumaphimba inzake m'mphepete chabe. Pali nyenyezi ziwiri zotero zimene zili kutali kumbuyo, koma kuwala kwake kwasakanikirana ndi kwa nyenyezi imene ukuyang'ana. Palinso mawanga a pa nyenyezi yomweyo, ngati amene dzuwa lathu limakhala nawo, ndipo amenewa amapusitsanso njira ya kugwedezeka ija. Choncho amatenga matelesikopu a pansi pano kujambula malowo mwatsatanetsatane kuti aone ngati pali nyenyezi yobisala, kenako amayeza kugwedezeka. Kuphethira kumauza kukula kwa chinthucho, kugwedezeka kumauza kulemera kwake. Chikapezeka cholemera ngati nyenyezi, mlandu watha, sichili pulaneti. Ziwirizi zikagwirizana pa masiku omwewo, ndiye watsimikiza, ndipo umadziwanso ngati ndi yamwala kapena yampweya.

Pali zina zimene ineyo sindikhutira nazo kwenikweni. Nyenyezi zambiri za Kepler n'zozimiririka moti kugwedezeka kwake sikuyezeka. Ndiye mu 2016 analengeza mapulaneti 1,284 tsiku limodzi, atawerengera pa kompyuta kuti mwayi woti iliyonse ndi yeniyeni ukuposa 99 pa 100. Masamuwo ndi abwino, koma pa gulu lalikulu chonchi zingapo zikhoza kukhala zabodza, ndipo zina zachotsedwapo kale. Chiwerengero cha mapulaneti otsimikizika cha NASA, bungwe la zakuthambo la ku America, chinadutsa 5,000 mu 2022 ndi 6,000 mu 2025, pomwe zikwi zina zikudikirabe pamzere.

Aphunzitsi a Sayansi, Katete

Mwana wanga Tisa, waiwala kumuuza bamboyu chimodzi. Madalitso sanaonedwe akudutsa patsogolo pa Natasha, ndiye mboni yake ndi kugwedezeka kokha. Kukula kwake sikunayezedwe, ndipo kulemera kumene amatchula, kuposa dziko lathu maulendo oposa 30, ndi kochepetsetsa kumene angakhale nako. Chimene chimamuimika n'chakuti anamulondola kwa zaka, nyenyeziyo n'kumabwereza mayendedwe omwewo.

Bambo a Mada, Kapata

Zikomo aphunzitsi, zikomo Tisa, nanunso agogo pondiimira. Ndamva kuti lisiti palibe koma mboni ilipo imodzi, yosasintha mawu. Njinga yotero ine ndikhoza kuilandira, koma ndingailembe m'buku kaye. Mada ndamuwerengera zonse. Kupepesa sindinapepese, ndangomugulira Fanta. Tsopano mng'ono wake Tiyanjane walira usiku wonse kuti naye akufuna yake, ndiye ngati mukudziwa kuti adzatchanso liti maina, mundiuze msanga.