Mfuti ya .308, .30-06 kapena .303: ndi iti ingakwanire zonse?

Mlimi wa ku Chulu

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Munthu ali ndi munda waukulu wa chimanga ndi mtedza kuno ku Kasungu, nguluwe zamusowetsa mtendere, ndiye akufuna kukapempha chiphaso cha mfuti imodzi yokha. Asankhe iti pakati pa .308, .30-06 ndi .303? Ikhale yoti igwetse nguluwe, komanso gwape kapena ngoma ngati ataloledwa kusaka. Ena akuti angogula .375 basi, imagwetsa chilichonse. Nzoona zimenezi?

Wa ku Lisasadzi

Achimwene, ziphaso ndi ziwiri: cha mfuti mumatenga kupolisi, chilolezo chosakira ndi cha a nthambi ya zinyama, a National Parks and Wildlife. Mu paki ya Kasungu musayerekeze n'komwe. Lamulo la zinyama analikhwimitsa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30.

Pa funso lanulo, ine ndikuti .308 Winchester. Chipolopolo cha 150 grain, omwe ndi magalamu pafupifupi 9.7, chimatuluka mumpope pa liwiro la mamita 860 pa sekondi. Mukatchera sikopu, galasi lolozera lapamwamba pa mfuti, kuti pa mamita 100 chizimenya masentimita 5 pamwamba pa pomwe mwaloza, pa mamita 200 chimagwera pafupifupi pomwepo. Kupitirira apo chimatsika msanga, pa 300 chatsika kale kuposa chikhatho. Koma m'tchire mwathu muno, ndi misuku ndi udzu wofika m'chiuno, ndani amaona nyama pa mamita 300? Zambiri zimachitika pansi pa 100. Ubwino wina, siimenya phewa kwambiri, ndiye munthu satsinzina pokoka.

Mkulu wa ku Santhe

Bambo a ku Lisasadzi anena zoona, koma pa mawu oti "zonse" ine ndiima ndi .30-06 Springfield. Mutu wa chipolopolo ndi umodzimodzi, mamilimita 7.82 onse awiri. Kusiyana kuli pa chigoba: cha .308 n'chotalika mamilimita 51, cha .30-06 ndi 63, choncho chimalowa wonga wambiri. Pa 150 grain simungaone kusiyana. Pa 180 grain, .30-06 imapereka mamita 820 pa sekondi, inzakeyo 800. Nyama siingadziwe. Pomwe .30-06 imasiya inzake ndi pa 220 grain, mutu wautali wolemera magalamu 14, woyenda pang'onopang'ono koma wolowa kwambiri ngakhale utakumana ndi fupa la phewa.

Koma nkhani yeniyeni ili pa mtundu wa mutuwo, ndipo apa ndi pomwe anthu amataya nyama. Zipolopolo za asilikali, zokutidwa chitsulo mpaka kunsonga, zimangoboola kabowo ngati ka pensulo n'kutulukira mbali ina. Nguluwe imathawa, magazi osaoneka pansi, n'kukafera kudambo patapita masiku, kapena kukaluma mwana wokatunga madzi. Gulani za soft point, zoonekera mtovu kunsonga. Zikalowa zimafutukuka ngati bowa, n'kung'amba mapapo onse awiri. Komanso musatenge zopepuka kwambiri, za 110 kapena 125 grain. Zimenezo zimathamanga zedi koma zimaphwanyika pachikopa ndi paphewa la nguluwe yamphongo, bala lalikulu kunja, mkati osafika. Pa gwape zimaononga nyama, mwendo wonse kusanduka phala. Chodabwitsa n'chakuti 180 grain yolimba siononga gwape kwambiri ngati yopepukayo, chifukwa imadutsa isanafutukuke kwambiri. Ndiye sankhani 180 grain imodzi, tcherani sikopu pa iyo, musamasinthesinthe. Mukasintha kulemera kapena kampani, pomenya pamasunthanso.

Polozapo: tsatani mwendo wakutsogolo kukwera, muime pa gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi. Nguluwe mtima wake uli pansi ndiponso kutsogolo kuposa momwe ambiri amaganizira. Mukaloza pakati pa thupi mwamenya matumbo.

Wokonza mfuti, Kasungu boma

Ndiyankhepo za .303, poti palibe waikhudza. Chipolopolo chake n'chabwino, 180 grain pa mamita 750 pa sekondi chimagwetsa zonse mwatchulazo. Vuto ndi mfuti zake. Ma Lee-Enfield ambiri ndi a nthawi ya nkhondo yachiwiri, mizere ya mumpope inadyeka. Chotsani bolt, chitsulo chotsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope, muyang'ane mumpope moloza kuwala: mukaona mdima ndi timaenje, isiyeni. Pa pepala mumaonanso, chipolopolo chimalowa chammbali, bowo lake lotalika osati lozungulira. Yang'ananinso chigoba mukawombera. Mzere wowala wozungulira pafupi ndi tsinde ukutanthauza kuti chikutamuka, tsiku lina chidzadukira momwemo.

Zipolopolo zakale za asilikali zimasiya mchere mumpope. Mafuta sachotsa mcherewo. Thirani madzi otentha tsiku lomwelo, pukutani mpaka kuuma, kenako mafuta. Nyengo ya mvula usiku umodzi wokha dzimbiri layamba.

Ndipo chonde, mayina asakupusitseni. Mutu wa .303 ndi wonenepa kuposa wa .308, pafupifupi mamilimita 7.9. Zitatuzi sizibwerekana. Werengani zolembedwa pampope ndi zolembedwa patsinde la chigoba, zifanane ndendende.

Wa ku Lisasadzi

Za .375 H&H zija tinaziiwala. Inapangidwa ndi Holland & Holland ku London mu 1912, imaponya 300 grain, magalamu 19, pa mamita 770 pa sekondi. Ndi ya njati, ndipo pa njati mfuti zitatu zija musaziyese. Koma imamenya phewa pafupifupi kawiri kuposa .30-06, zipolopolo zake n'zodula, ndiye mwini wake sayeserera. Amayamba kugwedezeka asanakoke n'komwe, n'kumaphonya nguluwe pa mamita 50. Komanso njati, mvuu ya mu Bua kapena njovu yotuluka mu paki si zoti mlimi awombere, mumaitana a nthambi ya zinyama.

Mlimi wa ku Chulu

Zamveka, akuluakulu. Nanga pakati pa .308 ndi .30-06?

Mkulu wa ku Santhe

Musanalembe nambala pa fomu, kafunseni wogulitsa wovomerezeka kuti ndi zipolopolo ziti zomwe sizimutha pashelefu, za soft point 180 grain. Tengani mfuti ya zimenezo. Bokosi loyamba, zipolopolo 20, lithere papepala, kumbuyo kwake kuli chulu.