Kodi kuopa Mulungu kumafika mpaka pabenchi la matemba?

Mayi wa ku Chinamwali:
Abale, ndithandizeni. Ndimagulitsa matemba a ku Chilwa mumsika waukulu wa Zomba. Ku Mvano Lachinayi sindijomba. Koma dzulo kamwana katabwera ndi K2,000, ndinakayezera m'kambale kanga kophwanyika pansi, kaja kamaoneka kodzaza koma muli ochepa. Usiku tulo sindinatione. Kodi kupembedza kwenikweni n'chiyani?

Bambo wa ku Matawale:
Mayi, mtima womwe wakusowetsani tulowo ndiye kuopa Mulungu. Werengani Miyambo 11:1, Mulungu amanyansidwa ndi muyeso wonyenga. Katayeni kambaleko.

Mtsikana wa ku Chikanda:
Kunena n'kosavuta, bambo. Matemba akwera ku Kachulu, thiransipoti nayonso. Amayiwa adyetsa chiyani ana?

Agogo a ku Domasi:
Mwanangu, ndagulitsa mpunga zaka zambiri. Kweza mtengo poyera, wogula adzisankhire yekha, koma mbale ikhale yoona. Paulo anauza Timoteo kuti kupembedza pamodzi ndi kukhutira ndi zomwe uli nazo ndi phindu lalikulu, 1 Timoteo 6:6.

Mayi wa ku Chinamwali:
Zikomo agogo. Kamwanako ndimakadziwa, mawa ndikakaonjezera.