Masabata atatu m'nkhalango, ndangotola misomali yokhayokha

Kamtsitsi:

Akuluakulu, ndigawireni nzeru ndisanawaponye kudenga makinawa. Ndinagula makina ofufuzira zitsulo pansi, aja a mtundu wotchedwa VLF a anthu ongoyamba kumene, okhala ndi koyilo (chimbale chakunsonga choyendetsa pamwamba pa dothi) ya mainchesi 11. Loweruka lililonse kwa masabata atatu ndakhala ndikulowa m'nkhalango ya mnzanga wina, mwiniwake anandilola. Zomwe ndapeza ndi izi: misomali yodzaza chitini, zotsekera mabotolo 14, waya, phale la mphika wachitsulo, ndi matuza m'manja. Mizu ndiye musanene, ukangoti ukumbe fosholo yakana.

Dzulo lokha m'pamene ndinatulutsa kanthu kozungulira, kobiriwira ngati ndere, masentimita ngati 10 pansi, pafupi ndi mulu wa miyala. Ndikakapendeketsa padzuwa ndikuona ngati pali mutu wa munthu, kaya ndi maso anga aumbombowa.

Mafunso anga ndi awiri. Ndikweze discrimination (potchunira makina kuti azinyalanyaza zitsulo zina) kuti aleke kulira pa misomali? Nanga kanthuka ndikaviike mu viniga monga ndaonera pa YouTube?

Gogo Dzimbiri:

Viniga ayi, dikirani kaye a Kamtsitsi. Za kutsuka ena anena. Ine ndiiyankhulire misomali, chifukwa mukuitukwana pomwe ikukulozerani malo.

Nkhalango sibereka ndalama. Ndalama imagwa pomwe munthu anakhala pansi, pomwe anavula malaya, pomwe anawerama potunga madzi. Ine ndikafika malo achilendo ndimayenda ola lathunthu makina ali paphewa, osayatsa. Ndimafuna malo athyathyathya pomwe pena ponse pali zitunda, miyala yooneka kuti inasanjidwa ndi manja, dzenje lomwe linali chitsime, mtengo wazipatso woima wokha pakati pa mitengo yam'thengo, kanjira kolowa pansi komwe mapazi anakumba zaka zambiri. Bwinja silibisala kwa woliyang'ana. Inuyo mwanena mulu wa miyala, phale la mphika ndi misomali chitini tho. Pamenepo panali nyumba, achimwene.

Ikhuthuleni misomaliyo muione bwino. Yamakona anayi, yopita ichepa kunsonga, ndi yakale, yosula kapena yodula. Yozungulira ya waya inadzachuluka cha m'ma 1890. Mukapeza yamakona, pamenepo musachokepo msanga.

Tsono za discrimination. Makina amatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka n'kumvetsera mmene chitsulo chayankhira. Pa manambala omwe makina amaonetsa, chitsulo wamba ngati cha misomali chimapereka otsika, siliva ndi mkuwa okwera, ndipo pakatipo m'pamene pamakanganirana aluminiyamu ndi golide. Vuto lili apa: ndalama ikagona pambali pa msomali, koyilo yaikulu ngati yanuyo imaziona zonse ziwiri nthawi imodzi, nambala imatsika, ndipo makina omwe mwawauza kuti azikhala chete pa chitsulo amakhaladi chete. Mwaiponda ndalama n'kudutsa mukuimba mluzu.

Choncho discrimination isiyeni pansi, valani mahedifoni, makutu azolowere phokoso. Mukatha pezani koyilo yaing'ono, ya mainchesi 5 kapena 6. Sifika patali kwambiri, koma imalekanitsa zinthu zoyandikana ndipo imalowa m'mipata ya mizu. M'nkhalango momwe simunalimidwepo zinthu zambiri sizikhala zakuya. Palasani masamba ndi phazi, koyilo iziyenda ikukhudza dothi, pang'onopang'ono ngati nkhono. Mukamva kulira kokwera, zungulirani muyesenso mopingasa. Ndalama yogona chafufumimba imalira chimodzimodzi mbali zonse, pomwe msomali wokhota umasintha mawu. Chotsekera botolo chadzimbiri chokha ndiye mfiti, chimatipusitsa ndi ife aimvi omwe.

Musaiwale ground balance (kutchuna makina kuti agwirizane ndi dothi la pamalopo) mukangofika, makamaka ngati dothi ndi lofiira. Mukapanda kutero makina amangobwebweta okha.

Mayi Siliva:

Agogo anena zoona, viniga musayerekeze. Ine ndinalira nazo. Ndalama yanga yoyamba yamkuwa inali ndi chaka chooneka manambala atatu, lachinayi lokha ndiye linabisika. Mtima unathamanga, ndinaiviika usiku wonse. M'mawa madzi anali obiriwira, ndalama itasanduka kachitsulo kofiirira kodzaza timaenje ngati nkhope ya nthomba. Manambala atatu aja anapita limodzi ndi lachinayilo.

Chomwe sindinkadziwa n'choti pa ndalama yamkuwa yomwe yagona m'dothi zaka zambiri, chikungwa chobiriwiracho nthawi zina ndicho chasunga chithunzi. Mkuwa wapansi pake unadyeka kale. Mukachotsa chikungwa mwachotsa nkhope.

Isiyeni iume masiku angapo, kenako muzichotsa dothi ndi kamtengo kosongola kofewa, osati singano. Muunikeni ndi tochi kuchokera m'mbali m'chipinda chamdima, zilembo zimadzuka ndi mthunzi. Siliva ndi wina, nthawi zambiri amatuluka m'dothi akuoneka bwino, koma nayenso musamupukute ndi chala pamalo pomwepo. Mchenga umamukanda ndipo mikwingwirimayo sichoka.

Mlonda wa Mabwinja:

Ine ndibwere ndi zosakoma. Chilolezo cha mwini malo mwachita bwino, koma dziwani kuti m'maiko ambiri zinthu zakale zili ndi lamulo lakelake ngakhale malowo ndi a mnzanu. Ku England ndi Wales lamulo la Treasure Act la 1996 limati wopeza chinthu chomwe chingakhale chuma chakale akanene pasanathe masiku 14. Chuma cha ku Staffordshire chomwe chinapezeka mu 2009, zidutswa zoposa 3,500 zambiri zagolide, anachipeza ndi munthu wa makina ngati anuwa m'munda wa mlimi. Chinanenedwa, akatswiri anakafukula bwino, ndipo ndalama anagawana wopeza ndi mwini munda. Ku America lamulo la 1979 limaletsa kufukula zinthu zopitirira zaka 100 pamalo a boma lalikulu popanda chilolezo. Funsani a zosunga zinthu zakale kwanuko musanapitirire. Manda ndi malo otetezedwa, amenewo sitiyandikira n'komwe.

Chinanso, mukaona chitsulo chachikulu chooneka ngati botolo kapena chipolopolo chonenepa, lekani kukumba. Musachigogode, musachinyamule. Ikani chizindikiro, chokanipo, uzani apolisi. Ku France ndi Belgium alimi akutulutsabe mabomba a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo ena amaphulikabe.

Maenje muzikwirira. Mwini malo akathyola mwendo, tonse tatsekeredwa.

Kamtsitsi:

Zikomo nonse. Viniga ndabweza pashelefu. Agogo, misomali ndaikhuthulira panyuzipepala: 31 ndi yamakona, yozungulira ndi 6 yokha. Ndiye kuti masabata atatu onsewa ndimayenda pabwalo la munthu ndikudandaula!

Mayi Siliva, ndayesa za tochi zija. Mutu wa munthu palibe. Kumbuyo kwake kuli kamphete kothyoka, ndiye kuti ndi batani la chovala, ndipo kutsogolo kukuoneka ngati duwa. Mtima unagwa pang'ono, sindinama, koma ndakhala ndikulitembenuza m'manja usiku wonse ndikuganiza za yemwe anafika kunyumba jekete ili pululu.

A Mlonda, mnzanga uja ndamuuza, ndipo Lolemba tikafunsa limodzi za lamulo. Akatilola, Loweruka ndikayambira pa mulu wa miyala uja kulowera kumunsi, komwe kuli kadzenje kodzaza masamba komwe ndakhala ndikukalambalala poopa njoka. Agogo, chitsime chakale chimaoneka bwanji chikakwiririka?